Woimba akadzutsa maso n'kuona mafoni okhaokha

Pa 1 Ogasiti 1971, muholo yaikulu ya Madison Square Garden mumzinda wa New York, George Harrison anaitanira pansanja Ravi Shankar, katswiri wa ku India woimba sitar. Phwando la nyimbolo linakonzedwa pofuna kupeza ndalama zothandizira anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh, ndipo ambiri mwa anthu pafupifupi 20,000 amene anadzaza holoyo anabwerera magitala ndi nyimbo za rock. Shankar anakhala pansi pamodzi ndi Ali Akbar Khan wa sarod, Alla Rakha wa ng'oma za tabla ndi Kamala Chakravarty wa tanpura. Anapempha anthu kuti adekhe pang'ono ndiponso kuti asasute fodya nyimbo ili mkati. Kenaka oimbawo anayamba kuchuna zoimbira zawo, ntchito imene imatenga kanthawi poti sitar yokha ili ndi nsambo pafupifupi 20. Atangomaliza kuchuna, holo yonse inaomba m'manja mwamphamvu. Anthu anayesa kuti nyimbo yoyamba yatha. Shankar anawathokoza, n'kuwauza kuti ngati kuchuna kokha kwawasangalatsa chomwecho, akuyembekeza kuti kuimba kwenikweniko kuwasangalatsa koposa.

Nkhaniyi anthu amaikonda akafuna kuseka azungu osadziwa nyimbo za eni. Ife sitikuwaseka. Anthu aja analidi mbuli pa nyimbozo, koma makutu ndi maso awo anali pansanja, ndipo munthu wotero amaphunzitsika. Padutsa zaka zoposa 50. Fodya m'maholo anatha. Chimene olengeza amapempha masiku ano ku Pune, ku Chennai, ku Kolkata ndi ku Delhi phwando lisanayambe n'choti mafoni athimitsidwe ndipo wina asajambule, pempho limene ambiri amangolimva ngati mphepo yodutsa. Maganizo athu ndi akuti kulira kwa foni, ngakhale kumanyansa, ndi vuto laling'ono. Lalikulu n'loti foni imalanda womvera maso ndi manja, pomwe nyimbo za mtunduwu zimadalira maso ndi manja a womvera kuti zituluke bwino.

Tiyambe talongosola nyimbo zimene tikunena, poti kwathu kuno chilichonse cholira kuchokera ku India timachiponya m'thumba limodzi la "nyimbo za Chimwenye", ndipo m'mutu mumabwera za m'mafilimu zija, mnyamata ndi mtsikana akuvina paphiri. Izi ndi zina. Nyimbo zamwambo za ku India zili ndi nthambi ziwiri: ya kumpoto, yotchedwa Hindustani, ndi ya kummwera, yotchedwa Carnatic. Zonse zimaima pa zinthu ziwiri, raga ndi tala. Raga ndi dongosolo la manoti amene woimba waloledwa kugwiritsa ntchito, kakweredwe kake, katsikidwe kake, noti yoti achedwepo ndi noti yoti angoikhudza n'kudutsa. Amene tinaphunzira do re mi kukwaya sitingasochere kwambiri, chifukwa iwonso ali ndi sa re ga ma pa dha ni. Tala ndi kayendedwe ka ng'oma, kamene kamazungulira n'kubwerera pomwe kanayambira. Kumpoto raga iliyonse ili ndi nthawi yake. Bhairav ndi ya m'bandakucha, Yaman ndi ya madzulo nyale zitangoyatsidwa, Darbari Kanada ndi ya pakati pa usiku, ndipo banja la Malhar ndi la nyengo ya mvula.

Chofunika pa nkhani yathu n'chakuti woimba sabwera ndi pepala. Amabwera ndi raga m'mutu, mawu a nyimbo imene anailandira kwa mphunzitsi wake, ndi zaka zambiri zimene anakhala pamapazi a mphunzitsiyo. Zotsalazo amaziumba pomwepo anthu akuona. Nyimbo ya kumpoto imayamba ndi gawo lotchedwa alap. Ng'oma imakhala chete. Kumbuyo kumangomveka tanpura, choimbira cha nsambo zinayi chimene ntchito yake ndi kung'ung'uza noti ya sa ndi inzake osaleka, ngati njuchi mumng'oma. Woimba amagwira noti imodzi, kuichedwetsa, kutsika nayo pansi, kubwerera, kenaka kusanjikiza ina pamwamba pake. Kwa oimba ena alap yokha imatha mphindi 30, kwa ena imayandikira ola. Muli mipata yambiri imene woimba amangopuma, tanpura yokha ikulira.

Mumpata woterowo ndi momwe foni imakonda kuliramo. Chitseko chikamenyetseka kapena mwana akatsokomola, khutu limamva n'kuiwala. Foni ndi ina, chifukwa kulira kwake nakonso ndi nyimbo, yokhala ndi manoti ake ndi kiyi yake. Woimba watha mphindi khumi akukhazika khutu lake ndi la omvera pa sa wake, ndiyeno m'thumba la bambo wa pamzere wachitatu mukutuluka nyimbo ya m'filimu ya kiyi ina. Amene anaimbako kwaya yopanda zoimbira akudziwa zimene zimachitika galimoto ya zolengeza ikadutsa panja ndi nyimbo yake: mawu amatsetsereka osadziwa, ndipo pofika ndime yomaliza aliyense ali pake. Pa ichi palibe mkangano. Ngakhale mwini foniyo amachita manyazi, amaifufuza m'chikwama thukuta lili kamukamu. Wolakwa amadziwa kuti walakwa, ndipo mankhwala ake ndi batani limodzi.

Wovuta ndi uja amene foni yake ili chete, waikweza m'mwamba, akujambula, ndipo mumtima akudziyesa waulemu kuposa onse poti sakusokosa. Kuti timvetse chimene iyeyu wachotsa, tidziwe kuti omvera nyimbozi sakhala duu ngati a m'maholo a orchestra ku Ulaya, kumene munthu amaopa ngakhale kutsokomola ndipo kuomba m'manja kuli ndi nthawi yake yoikika. Ku India womvera wodziwa amayankha nyimbo ili mkati. Woimba akakhota mwaluso amamva "wah" kapena "kya baat hai" kuchokera pansi, ndipo ku Chennai amamva "sabhash" kapena "besh". Mitu imapukusika, ndipo kupukusa mutu kumeneko n'kuvomereza kuti zafika pamtima. Dzanja limakwera lokha kuloza woimba, ngati kunena kuti, tamva, pitirizani. Oimba okhaokhanso pansanja amayamikirana chimodzimodzi, wa tabla kupukusira mutu wa sitar, wa violin kumwetulira wa mawu.

Ng'oma ikalowa, manja amapeza ntchito ina. Tala yotchuka kumpoto, teental, amaiwerenga kuyambira 1 mpaka 16 n'kubwereranso pa 1. Amaomba pa 1, pa 5 ndi pa 13, ndipo pa 9 amangotembenuza dzanja. Poyambira paja, pa 1, amapatcha sam. Woimba ndi wang'oma amatha kusochera dala, aliyense njira yake, tala kuzungulira kawiri kapena katatu, n'kudzagwera limodzi pa sam ngati anachita kupangana. Kukoma konse kuli pamenepo, koma amakumva ndi yekhayo amene amawerenga nawo. Kummwera zimaoneka bwino kwambiri. Anthu muholo amamenya adi tala pantchafu: kuomba kamodzi, kuwerenga zala zitatu, kuomba, kutembenuza dzanja, kuomba, kutembenuzanso, zonse pamodzi 8. Agogo ovala sari ya silika, ana ophunzira nyimbo, akuluakulu opuma pantchito, onse manja akuyenda. Woimba akaponya maso pansi amaona manja mazanamazana akuyenda naye limodzi.

Mwambo umenewu unachokera m'zipinda zazing'ono. Nyimbozi zisanalowe m'maholo a matikiti zinkaimbidwa m'mabwalo a mafumu, m'makachisi ndi m'nyumba za anthu, pa chimene kumpoto amachitcha baithak kapena mehfil: anthu makumi angapo atavula nsapato, atakhala pansi, woimba ali pafupi moti ngakhale kupuma kwake kukumveka. Ulemu wa pamenepo ndi wodziwika. Sutambasulira miyendo woimba kapena choimbira chake, sudzuka raga ili mkati, ukachedwa umadikira pakhomo mpaka nyimbo ithe. Ndipo woimba amawerenga nkhope. Akaona kuti anthu amutsatira pa njira yovuta, amapitirira nayo mpaka mkati. Akaona maso afooka, amakhota msanga. N'chifukwa chake raga yomweyo, woimba yemweyo, Lachiwiri ndi Lachinayi zimatuluka nyimbo ziwiri zosiyana, ndipo mbali ina ya kusiyanako amachititsa ndi omvera.

Tsono ikani foni m'dzanja limenelo. Dzanja logwira foni silingamenye tala. Maso ali pagalasi, kuonetsetsa kuti chithunzi chaongoka, kuti mutu wa wapatsogolo sunalowe, kuti batire silinathe. Pakamwa napo pamatsekedwa dala, kuopa kuti "wah" wako angamveke m'kanema. Mapanga awiri avumbwitsa: kanemayo amatuluka wonjenjemera, wamawu ophwanyika, ndipo nyimbo yeniyeniyo yadutsa mwini wake ali kalikiliki ndi galasi. Wakumbuyo kwake naye, amene walipira tikiti yake, akuonera phwando pakagalasi kowala ka mnzake. Koma wotaya zambiri ndi woimba. Akadzutsa maso kuti aone ngati anthu ali naye, amaona misana ya mafoni. Msana wa foni suonetsa ngati mwini wake wamva kukhota kuja kapena ayi, ndipo munthu amene akuumba nyimbo pomwepo, wopanda pepala lomutsogolera, amatsala akuyenda mumdima.

Tisanamizane kuti kale zonse zinali bwino. Ku Chennai kuli nyengo ya nyimbo ya mu Disembala, imene mizu yake ili pa msonkhano wa nyimbo wa mu 1927, womwenso unabala Madras Music Academy chaka chotsatira. Masiku ano m'masabata ochepa amenewo mumachitika maphwando mazanamazana m'maholo osiyanasiyana. Kumeneko kuli chizolowezi chimene oimba akhala akuchidandaula kwa zaka zambiri. Ikafika tani avartanam, gawo limene woimba amapuma kuti wa ng'oma ya mridangam ndi anzake aonetse luso lawo, anthu ambiri amadzuka ulendo kukantini kukamwa khofi. Munthu wasenza tala kwa maola awiri, nthawi yake yafika, ndiye akuona misana ikutuluka pakhomo. Kantini za m'maholo amenewa n'zotchuka moti ena amapita kukadya osalowa n'komwe mkati. Palinso mabwana ofika mochedwa amene amadutsa kutsogolo kwa nsanja akupereka moni kwa anzawo. Kishori Amonkar, mayi woimba wa ku Mumbai amene anamwalira mu 2017, ankadziwika ndi mawu ake okoma komanso ndi kusalola kwake anthu oyendayenda ndi olankhula iye akuimba, ndipo ambiri ankamunena kuti ndi wovuta. Zakir Hussain, mwana wa Alla Rakha uja wa ku New York, amene anamwalira mu Disembala 2024, ankakana kuimba m'maukwati ndi m'maphwando a makampani chifukwa kumeneko anthu amabwerera kudya ndi kucheza. Mwano kwa oimba unalipo foni isanabadwe, ndipo ambiri ouchita anali a imvi. Choncho ulaliki uja woti achinyamata a masiku ano aononga zinthu ife sitikuulandira wonse. Chimene foni yaonjeza n'chakuti tsopano munthu akhoza kutuluka muholo thupi lake lili pampando.

Pali amene amaikira kumbuyo kujambula, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Mu 1902 ku Calcutta, mayi wina woimba, Gauhar Jaan, anaima kutsogolo kwa makina a Fred Gaisberg wa Gramophone Company n'kuimba nyimbo zoti zikwane pambale ya galamafoni ya mphindi pafupifupi zitatu, ndipo kumapeto ankatchula dzina lake kuti okonza mbale asasokoneze. Akatswiri ena a nthawi imeneyo anakana makinawo, ndipo mawu awo anapita nawo kumanda. Pambuyo pake kunabwera All India Radio, kenaka matepi ndi makaseti, ndipo nyimbo zambiri za akatswiri akale zimene ophunzira amamvera lero zinasungidwa ndi anthu wamba amene anabwera ndi makina awo pa baithak. Ku Pune, chikondwerero chachikulu chimene Bhimsen Joshi anayambitsa mu 1953 pokumbukira mphunzitsi wake Sawai Gandharva chimatsekedwa, chaka ndi chaka, ndi mbale yakale ya mphunzitsiyo akuimba raga ya Bhairavi, khamu lonse likumvera limodzi mawu a munthu amene anamwalira mu 1952. Palibe amene anganene kuti nyimbozi n'zodana ndi makina.

Mfundozi zimafika mpaka lero. Kampani ya Jio itayamba mu Seputembala 2016, mtengo wa intaneti ku India unagwa kwambiri, ndipo mnyamata wa kumudzi amene sangakwanitse ulendo wa ku Chennai anayamba kumva akatswiri pafoni yake. Mu 2020 maholo atatsekedwa chifukwa cha Covid-19, oimba anafikira anthu kudzera pa YouTube ndi Facebook. Woimba wachinyamata wopanda bwana womukankha amadziwika ndi timakanema ta pa Instagram. Ifenso tivomereze kuti ambiri mwa ife amene tinamvako alap tinaimvera pafoni, bandulo ikutha. Ndipo chosekesa n'chakuti pansanja pomwepo, pambali pa woimba, nthawi zambiri pamakhala foni kapena kabokosi kamagetsi kolira ngati tanpura. Foni ili kale pakati pa oimba.

Zonsezi tikuvomereza, komabe sizikufafaniza mlandu wa munthu wa pamzere wachitatu uja. Gauhar Jaan ankadziwa kuti ali ndi mphindi zitatu, ndipo anaumba nyimbo yake kuti ikhale ndi mutu, thupi ndi mchira m'mphindi zitatuzo. Kakanema ka wa pamzere wachitatu ndi nthuli yodulidwa pa nyama ya wina, mwini wake osafunsidwa. Ndipo taonani nthawi imene mafoni amakwera. Pa alap sakwera, poti noti imodzi yochedwa siikoka maso pa intaneti. Amakwera kumapeto, liwiro litafika pachimake, wa sitar ndi wa tabla akuponyerana ngati anyamata a mpira. Chimene chimafalikira ndi chimenecho. India italetsa TikTok mu Juni 2020, malo ake anatengedwa ndi timakanema tatifupi ta pa Instagram ndi YouTube, ndipo womvera watsopano amene wakulira pa timakanema timeneti amafika paholo akuyembekeza mapeto okha. Mphindi 30 zoyambirira zimamutopetsa, amatulutsa foni kuti aone mauthenga, kuidikira nthawi yojambula. Oimba si miyala. Amaona pomwe mafoni amakwerera, ndipo chiyeso chofupikitsa alap n'kuthamangira liwiro chimakula. Nthawi inali itachepa kale, chifukwa malamulo oletsa zinkuzamawu usiku anadula maphwando ambiri amene kale ankachezera mpaka m'mawa.

Palinso china chimene aliyense amene anaimako kutsogolo kwa anthu angachimvetse. Munthu woumba nyimbo pomwepo amafunika ufulu wolakwitsa. Amayesa njira imene sanayendepo, nthawi zina imatuluka bwino, nthawi zina mawu amathyoka kapena amaphonya sam. Pakati pa anthu amene akumvera naye limodzi kuphonya koteroko kumadutsa ndi kamwetulira, ndipo mphindi yotsatira aiwala. Koma akadziwa kuti makamera 40 akudikira, ndipo kuphonyako mawa kuli pa intaneti anthu osamudziwa akumunyogodola, amasankha njira yodziwika imene anaiyeserera kunyumba. Womvera wojambula uja ndiye amadzibera yekha chimene anabwerera. Tisaiwalenso kuti luso limeneli ndi munda wa woimbayo. Anatha zaka 15 kapena 20 akulima, ndipo ndi iye woyenera kusankha chimene chituluke kunja ndi chimene chitsale muholo.

Nanga achite chiyani? Ku America oimba ndi asangalatsi ena, monga Jack White ndi Dave Chappelle, amatsekera mafoni a anthu m'timatumba ta kampani ya Yondr mpaka phwando lithe. Njirayi imagwira ntchito, koma ife sitikuiona ngati yoyenera nyimbo za ku India. Kathumba kamatseka foni, koma sikaphunzitsa munthu kuwerenga teental. Ukhoza kukhala ndi holo ya anthu 1,000 opanda mafoni, ali duu ngati pa mayeso, woimba n'kukhalabe yekhayekha. Chabwino n'choti okonza phwando ajambule okha ndi kamera yabwino, mwini nyimbo atavomera, n'kuuza anthu poyambirira kuti kanemayo adzampeza kuti. Wolengeza asamangoti n'zoletsedwa, atenge mphindi imodzi kufotokoza kuti woimbayu afuna nkhope zanu ndi manja anu. Woimba amene akufuna kutchuka pa intaneti akhoza kuloleza mafoni pa kanyimbo komaliza kopepuka kaja, bhajan kapena tillana, raga yaikulu itatha. Njira yayitali koma yodalirika ndi imene bungwe la SPIC MACAY, limene Kiran Seth anayambitsa ku Delhi mu 1977, lakhala likutsata: kutenga akatswiri kupita nawo m'sukulu ndi m'makoleji, ana atakhala pansi pafupi, woimba akuimba pang'ono, kufotokoza pang'ono, kuwaonetsa pomwe pali sam. Mwana amene wamva kukoma kogwera limodzi pa sam sachita kuuzidwa kuti aike foni m'thumba, poti dzanjalo akulifuna.

Wina afunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife a mpingo wa Seventh-day Adventist, nyimbo zake zambiri zili zotamanda milungu imene sitiipembedza. N'zoona. Tyagaraja, mmodzi mwa opeka nyimbo aakulu a kummwera, amene anakhala kuyambira 1767 mpaka 1847, nyimbo zake zambiri ankaimbira Rama, ndipo sitikuuza munthu kuti aziimba nawo. Koma raga ndi tala zasenzanso nyimbo za Akhristu. Vedanayagam Sastriar wa ku Thanjavur, wa nthawi imodzi ndi Tyagaraja, anapeka nyimbo zachikhristu za Chitamil m'kaimbidwe komweko, ndipo m'matchalitchi a kumeneko akuziimbabe. Ku Pune komwe kuja, mpingo wathu uli ndi sukulu ya ukachenjede ya Spicer, kumene ophunzira a ku Africa akhala akupita kwa zaka zambiri, choncho ena mwa ife tidzakhala alendo pakati pa omvera amenewa ndipo ndi bwino kudziwa ulemu wa kwa eni.

Chifukwa chachikulu, komabe, chili pafupi kuposa Pune. Ifenso tili ndi "wah" wathu. Amatchedwa "Ameni". Makwaya athu ambiri amaimba opanda zoimbira, akudalira khutu ndi mpweya, ndipo aliyense amene anaperekako nyimbo yapadera akudziwa kusiyana kwa mpingo umene uli nawe ndi mpingo umene ukungokuonera. Mayi wina wa Dorika akang'ung'uza nawo pansipansi, mkulu wa mpingo akagwedeza mutu, "Ameni" akatuluka ndime isanathe, mawu amene amanjenjemera poyamba amalimba. Abusa nawo amatero: ulaliki umakula kapena kufota malinga ndi nkhope zimene zili patsogolo pawo. Tsono taganizirani zimene zikuchitika masiku ano kwaya ikangoimirira, kaya ndi pa kulowa kwa Sabata, kaya pa pologalamu ya nyimbo masana, kaya kumsonkhano wa misasa. Mafoni amakwera ngati chimanga chomera. Ena amachoka pampando kukaima kutsogolo kwenikweni, kutchinga agogo amene anafika m'mawa kuti apeze malo abwino. Nyimbo isanathe ili kale pa status, ndipo mwini foni akuwerenga amene aiona. Pa ubatizo ndiye zimachita kunyanya, munthu akutuluka m'madzi pa tsiku lalikulu la moyo wake n'kulandiridwa ndi magalasi.

Pano tiyenera kusamala, chifukwa foni m'tchalitchi ili ndi ntchito zenizeni. Ambiri a ife Baibulo, Khristu mu Nyimbo ndi phunziro la Sabata sukulu tili nazo pafoni, popeza mabuku ndi okwera mtengo ndipo wophunzira ndalama yake imathera pa chakudya ndi mapepala. Madikoni amene amayang'ana ndi diso lofiira aliyense wogwira foni akhoza kudzudzula munthu amene akuwerenga vesi. Kuulutsa mapemphero pa Facebook kumafikira odwala m'zipatala ndi abale athu amene ali ku Johannesburg kapena ku London. Izi zili ngati tanpura ya pafoni ija, chida chimene chikutumikira nyimbo. Koma tonse tikudziwa mumtima mwathu kuti kuchoka pa vesi kufika pa WhatsApp ndi chala chimodzi, ndiponso kuti timakanema tambiri timene timajambula pa Sabata sitidzationeranso, timangodikira tsiku limene foni idzadandaule kuti yadzaza.

Oimba a ku India ali ndi mwayi umodzi umene a kwaya athu alibe. Kishori Amonkar ankatha kuima n'kudzudzula holo yonse, anthu n'kumukhululukira poti anali Kishori Amonkar. Mtsikana wa chaka choyamba amene waima kutsogolo kwa tchalitchi koyamba m'moyo wake sangatero. Angopirira, kuyang'ana padenga, kumaliza ndime zake n'kukakhala pansi, osadziwa ngati wina wamva. Mawa lake apeza kakanema kake pagulu la kalasi, pomwe mawu anathyoka paja anzake ataikapo tizithunzi toseka. Ena mwa amene anasiya kwaya anasiya chifukwa cha zoterezi.

Pempho lathu likupita kwa atsogoleri a makwaya, a dipatimenti yofalitsa mauthenga ndi akulu a mpingo wa pano pasukulu. Pa pologalamu ya nyimbo ikubwerayi pakhale kamera imodzi kumbuyo, ya amene anapatsidwa ntchitoyo, ndipo oimba afunsidwe kaye ngati akulola kuti nyimbo yawo ituluke kunja. Wotsogolera anene poyambirira kuti kanemayo atumizidwa pagulu Sabata likatuluka, kuti wina asade nkhawa kuti amayi ake kumudzi aphonya. Enafe tiike mafoni m'thumba kuyambira pemphero lotsegulira mpaka lotsekera, ndipo amene nyimbo zathu zili pafoni tithimitse intaneti tisanalowe pakhomo. Tiyese kamodzi kokha, kenaka tidzafunse a kwaya kuti anaona chiyani atadzutsa maso.